DISO LOLIMBA: MBIRI YA GLAUCOMA NDI OPALESHONI YACE

Khungu liri la mitundu yambiri. Lina libwera ndi cikuku, lina ndi ng'ala imene iyeretsa maso a nkhalamba, ndipo mitundu iyi ioneka poyera. Koma pali lina lobwera mwakacetecete, lopanda ululu, lopanda manthongo, diso lirikuoneka bwino lomwe monga la munthu ali yense. Dzina lace kwa madotolo ndi glaucoma; anthu a m'tauni angoti presha ya m'maso. Liyamba kudya kupenya kwa m'mbali. Munthu pooloka Cairo Road aona bwino sitolo iri tsidya lija, koma galimoto yocokera kumbali saiona. Pamene azindikira kuti maso ace abvuta, gawo lalikuru la kupenya lapita kale.

Ciyambi ca matendawa ndi madzi. M'kati mwa diso muli madzi oyera, osiyana ndi misozi, amene apangika usana ndi usiku, natuluka pa tingalande tating'onoting'ono tozungulira malire a gawo lakuda ndi gawo loyera la diso. Anthu a ku migodi adziwa cimene cicitika pansi ngati madzi alikulowabe koma mapampu afooka. Mgodi wa Konkola, umene dzina lace lakale ndi Bancroft, ukhalapo cifukwa ca kupopa kosaleka. Diso liribe pampu. Tingalande tija tikatsekeka, madzi apanikizana, diso lilimba, ndipo mtsempha waukuru wonka ku ubongo uyamba kufa. M'mtsemphamo muli timitsempha toposa 1,000,000, ndipo kamene kafa sikameranso. Madzi akatayika saoleka.

Asing'anga a Cigriki akale anangoona mtundu wa diso lodwala, nalisokoneza ndi ng'ala. M'caka ca 1622 Richard Banister wa ku Mangalande analemba kuti diso lotere limveka lolimba polikhudza ndi cala. Koma panapita zaka zoposa 200 munthu asanaone m'kati mwa diso lamoyo, kufikira Hermann von Helmholtz wa ku Jeremani anaonetsa kagalasi kounikira m'diso m'caka ca 1851. Mnyamata wina wa ku Berlin, dotolo Albrecht von Graefe, anagwiritsa nchito kagalasiko, natsimikiza kuti kupanikizana kwa madzi ndiko kuononga mtsempha. M'caka ca 1857 anauza madotolo anzace kuti podula kacidutswa ka gawo lakuda la diso, kulimba kuja kutsika. Opaleshoni yace inapulumutsa ambiri odwala glaucoma yodzidzimutsa, ija yobwera ndi mutu waukuru, diso lofiira ndi kusanza. Koma pa glaucoma yacete, imene ndiyo yocuruka pakati pa anthu akuda, inathandiza pang'ono cabe.

Mankhwala oyamba odontheza m'maso anacokera muno m'Afrika. Ku Calabar, dziko limene lero liri m'Nigeria, Aefik anali ndi nyemba yaululu yoweruzira mirandu ya ufiti, monga momwe makolo a Acewa ndi Ansenga ankamwetsera mwabvi: wosanza apulumuka, wosasanza afa. Amishoni a ku Scotland anatumiza nyembazo ku Edinburgh. M'caka ca 1855 Robert Christison anatafuna kacidutswa kuti aone mphamvu yace, nadwala koopsa, ndipo anadzisanzitsa pakumwa madzi amene anametera ndebvu. Anzace anapeza kuti madzi a nyembayo acepetsa mboni ya diso. M'caka ca 1876 Ludwig Laqueur wa ku Strasbourg, amene iye mwini anadwala glaucoma, anaonetsa kuti atsitsanso kulimba kwa diso. Cotero cimene cinkapha anthu pabwalo la mirandu cinasanduka cosunga maso.

Komabe cala ca dotolo sicinali muyeso wokhulupirika. M'caka ca 1905 Hjalmar Schiøtz wa ku Norway anapanga kacitsulo koika pa diso, kokhala ndi muvi woloza manambala, ndipo pa zaka za m'ma 1950 Hans Goldmann wa ku Bern anapanga kena kolondola koposa, kamene kagwirabe nchito lero lino. Kwa anthu ambiri a maso abwino muyeso ukhala pakati pa 10 ndi 21. Ena aonongeka maso muyeso uli wocepa, ndico cace dotolo ayang'ananso mtsempha weniweniwo.

Caka comweco ca 1905, kuno kwathu kunalibe kacitsulo kotere. Cimene cinayambika ndi sukulu: ku Magwero, pafupi ndi Fort Jameson, ndiye Chipata, Mai Issie Hofmeyr a Mishoni ya Dutch anayamba kuphunzitsa akhungu kuwerenga ndi zala. Inali nchito yacifundo, koma inalandira munthu khungu litatha kale nchito yace. M'caka ca 1935 likulu la Boma linacoka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Azungu anamanga ku Woodlands ndi ku Kabulonga, anchito acikuda nakhala m'tinyumba tozungulira ta udzu ku Kabwata, ndipo zipatala nazonso zinali zopatukana. Pa zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ofufuza za khungu m'dziko lino anayang'ana makamaka ku cigwa ca Luapula, kumene ana ambiri anafa maso atadwala cikuku. Khungu lacete la akuluakulu anthu ankaliyesa ukalamba, kapena kulodzedwa.

Kunja, madotolo anali kufuna njira yocitira diso ngalande yatsopano. M'caka ca 1909 Robert Elliot, pa cipatala ca maso ca Madras ku India, anayamba kuboola kadzenje kozungulira pa khoma la diso, kuti madzi adzituluka pang'onopang'ono kunsi kwa kakhungu kopyapyala kokuta diso. Nthawi zina madzi ankatuluka mopitirira, diso nkufota. Nthawi zina tizirombo tinkalowa. M'caka ca 1968 John Cairns wa ku Cambridge analongosola njira imene icitika kufikira lero, dzina lace trabeculectomy. Dotolo asenda kacitseko pa gawo loyera la diso, kunsi kwa cikope ca pamwamba, aboola pansi pace, ndi kusokereranso kacitsekoko mosamangitsa, kuti madzi adzidontha mwa muyeso.

Apa panaoneka mdani wodabwitsa, ndiye kupola kwa thupi. Bala liri lonse thupi lifuna kulitseka, ndipo silidziwa kuti bala iri lacitidwa dala. Cipsera cikamera, ngalande yatsekeka, ndipo diso lilimbanso. Madotolo anaona kuti izi zicitika kawirikawiri kwa anthu akuda ndi kwa acinyamata koposa kwa nkhalamba za ku Ulaya, kumene njirayi inayambira. Anthony Molteno wa ku South Africa anayesa kuika kapaipi kakang'ono m'diso kuti njira isatsekeke, nalemba za ico m'caka ca 1969. M'caka ca 1983 dotolo Chen wa ku Taiwan anapaka pabalapo mankhwala a khansa, dzina lace mitomycin, oletsa cipsera kukula.

Nanga adziwa bwanji kuti njira iyi iposa iyo? Tsiku lotsata opaleshoni diso liri lonse likhala lofewa, ndipo dotolo ali yense akondwa. Koma akuru anati, linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Cifukwa cace ofufuza agawa odwala obvomera m'magulu awiri mwa maere, osasankha nkhope, nawayesa miyezi ndi zaka, ndi kuwerenga. Ku Sweden, kufufuza kotere kumene kunalengezedwa m'caka ca 2002 kunaonetsa kuti kutsitsa muyeso kucedwetsadi kuonongeka kwa kupenya. Ku South Africa anthu akuda 320 anacitidwa opaleshoni m'zipatala zitatu za Boma. Theka anaikidwa pabalapo kacitsulo kotulutsa ceza ca beta kwa kanthawi kocepa, theka lina kacitsulo kopanda kanthu. Zotsatira zinatuluka m'caka ca 2006: patapita caka cimodzi, ngalande inalephera kwa anthu 5 mwa 100 ali onse olandira ceza, ndi kwa 30 mwa 100 ali onse a gulu linalo. Koma olandira ceza ndiwo anacuruka kucita ng'ala pambuyo pace, ndipo ofufuza sanabise cimeneci. Ku Moshi m'Tanzania, pa cipatala ca Kilimanjaro Christian Medical Centre, odwala 201 anagawidwa: ena anadontheza timolol tsiku ndi tsiku, ena anawalitsidwa tingalande tija ndi kuunika kwa laser. Lipoti la 2021 linati patapita caka, laser inathandiza maso 61 mwa 100, ndipo timolol maso 31 mwa 100.

Manambala awa ali ndi nchito kwa anthu a Lusaka. Mankhwala odontheza afunika masiku onse a moyo wa munthu, ndipo kabotolo kakatha pakati pa mwezi, ndalama zitathera pa ufa ndi lendi, diso sililindira tsiku la malipiro. Ndico cace opaleshoni yocitika kamodzi iri ndi mtengo wapatali kuno koposa kumene mankhwala apezeka mosabvuta. Ndiponso matendawa sali osowa: ku Kongwa m'Tanzania, kufufuza kumene kunalengezedwa m'caka ca 2000 kunapeza glaucoma mwa anthu 4 pa 100 ali onse a zaka 40 ndi kupitirira.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, malire a zipatala anacotsedwa. University of Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966, ndipo cipatala cacikuru ca Lusaka cinasanduka University Teaching Hospital, kumene ana a dziko lino anayamba kuphunzira udotolo. Ku Chainama, panjira yonka ku Chelstone, anaphunzitsa othandiza madotolo a maso, kuti apite ku zipatala za kumaboma. Mpingo wa Seventh-day Adventist unatsegula Lusaka Eye Hospital m'caka ca 2001, ndipo pambuyo pace cigawo ca maso ca University Teaching Hospital cinakhala cipatala pa cokha. Kacitsulo koyesera, kamene kunalibe m'masiku a Magwero, tsopano munthu wa ku Kabwata angakafikire poyenda pansi.

Cotsala ndi kufika nthawi iripo. Ambiri aopa mpeni, pokumbukira mnansi amene anacitidwa opaleshoni nakhalabe wosapenya. Koma opaleshoni ya glaucoma isiyana ndi ya ng'ala. Ya ng'ala ibweza kupenya. Ya glaucoma isunga kumene kwatsala, ndipo wofika mocedwa apeza kuti cosunga ncocepa. Wocitidwa opaleshoni ayeneranso kubwerera pa masiku onse amene dotolo anena, pakuti m'masabata oyamba ndimo cipsera cimera, ndipo cikaoneka msanga dotolo akhoza kumasula ulusi kapena kutsegulanso njira. Matendawa atsata mtundu: ngati atate anu, amai anu, kapena mbale wanu wa bere limodzi anafa maso pang'onopang'ono popanda ng'ala, musadikire ululu, cifukwa sudzabwera. Inu nonse amene mwakwanitsa zaka 40, pitani mukayesetse maso onse awiri, ndipo mufunse dotolo nambala ya muyeso wanu, muisunge monga musunga nambala ya citupa canu.