Chikho Chimene Chinatunga Mphepo ya Dzuwa

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, mukuikumbukira ammeter ya mu labu ija, imene singano yake inkadumpha tikalumikiza batire limodzi la tochi? Lero ndikufuna ndikuuzeni za anthu amene anayeza magetsi ochepa kwambiri moti singano ija sikanagwedezeka n'komwe.

Mu 1958, Eugene Parker wa ku University of Chicago analemba kuti dzuwa limauzira ma proton ndi ma electron mbali zonse ngati mphepo. Akatswiri ambiri anamutsutsa. Mlandu unafunika mboni, ndipo mboniyo inayenera kupita mlengalenga. Mu 1959 zida za Konstantin Gringauz pa zombo za Luna za Soviet Union zinapeza zizindikiro zoyamba za mphepoyi.

Ku MIT, ku America, gulu la Bruno Rossi ndi Herbert Bridge linakonza chikho chachitsulo chotchedwa Faraday cup. Ma proton akagwera pa mbale ya pansi pa chikhocho, pamayenda magetsi amene amayezedwa mu ma picoampere. Ampere imodzi ili ndi ma picoampere 1,000,000,000,000. Vuto linali loti kuwala kwa dzuwa kukamenya chitsulo kumathothola ma electron, ndipo magetsi obwera chifukwa cha zimenezi akhoza kukwirira amene ukuwafunawo.

Anachita bwanji? Anaika kaukonde ka waya mkati mwa chikho, n'kumakweza ndi kutsitsa voteji yake kambirimbiri pa sekondi imodzi. Voteji ikakwera, ma proton amabwezedwa, ikatsika, amalowa. Kuwala sikubwezedwa ndi voteji, choncho magetsi ochokera ku kuwalako sasinthasintha. Amplifier inkangomvera magetsi okhawo amene akukwera ndi kutsika limodzi ndi kaukondeko, enawo n'kuwataya. Chikhochi chinauluka pa Explorer 10 mu March 1961. Mu 1962, Marcia Neugebauer ndi Conway Snyder, ndi chida cha mtundu wina pa Mariner 2, anatsimikiza kuti mphepoyi siileka kuwomba.

Nzeru yomweyi inakwera Voyager 1 ndi Voyager 2 mu 1977. Chida cha Voyager 1 chinafa mu 1980, koma zikho zinayi za Voyager 2 zinapirira. Pa 5 November 2018, magetsi a mphepo ya dzuwa m'zikhomo anatsika mwadzidzidzi: chombo chinali chitatuluka m'dera la mphepoyo, makilomita pafupifupi 18 biliyoni kuchokera kuno. NASA inazimitsa chidachi mu September 2024 pofuna kusunga mphamvu, chitagwira ntchito zaka 47.

Anzanga, mwana akafunsa kuti ammeter ndi yantchito yanji pamoyo wake, musamukalipire. Muuzeni za chikhochi. Ndipo inu amene munkathawa ma practical Lachisanu masana, ndikukudziwani!