Mbewu: liwu limodzi, zinthu ziwiri

Ku Petauke mayi akamasenda nshawa zodzala dzinja likubwerali, amati akusankha mbewu. Ku Nyimba, kumene nthochi zimadzaza m'mbali mwa msewu wa Great East Road, mlimi akakumba kamwana patsinde la nthochi, nayenso amati wapeza mbewu. Onse sanalakwe, koma m'phunziro la biology ziwirizi n'zosiyana.

Njere ya nshawa imapangika mungu ukakumana ndi dzira m'duwa. Ibanthule pakati, uona kachomera kakang'ono kali gone, kudikira mvula. Kamwana ka nthochi sikadzera m'duwa ayi. Ndi chiwalo cha make, chibadwa chawo n'chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndikaona tsinde limodzi lagwidwa ndi matenda, nkhawa yanga imakhala pa dimba lonse.