Wonga, Mkuwa ndi Ulamuliro: Mbiri ya Luso Lothira Mfuti pa Gombe la Nkhotakota

Mbiri ya Nkhotakota imafotokozedwa kawirikawiri potsata malonda a akapolo ndi minyanga ya njovu, koma malonda onse awiriwa ankayenda chifukwa cha mfuti, ndipo mfutiyo inalibe phindu popanda munthu wodziwa kuithira. Kuthira mfuti kumatanthauza kuyeza wonga wokwanira, kusankha chipolopolo choyenera ndi kuweruza ngati chitsulo cha mfutiyo chingapirire mphamvu ya kuphulika. Luso limeneli linali m'manja mwa alenje ndi asilikali a pagombe kwa zaka pafupifupi 50, kufikira pamene chipolopolo chokhala m'khoko la mkuwa chinalichotsa m'manja mwawo n'kulipereka ku mafakitale a ku Ulaya ndi ku boma la atsamunda, lomwe linkasunga makiyi a nkhokwe za zipolopolo.

Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera ku gombe la kum'mawa kwa Africa amene anakhala Jumbe (wolamulira wa Nkhotakota) woyamba, anafika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, m'dziko la mafumu a Achewa monga Malengachanzi. Malowa anali ndi dooko labwino, ndipo zombo za matanga zinkaoloka nyanja kupita kutsidya la kum'mawa, komwe katundu ankayenda pamtunda mpaka ku Kilwa. David Livingstone, amene anafika m'derali mu 1861 ndi mu 1863, anapeza paulendo wachiwiriwo Aswahili akukhoma chombo chatsopano. Njira yomwe inkatulutsa anthu ndi minyanga ndi yomwe inkabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi timigolo ta wonga, ndipo pa nthawi imene Angoni ankathira nkhondo midzi ya kunyanja, Achewa ambiri anasamukira pafupi ndi linga la Jumbe chifukwa kumeneko kunali mfuti zowateteza. Chitetezo chimenechi chinali ndi mtengo wake, pakuti mfumu yolandira wonga inkayembekezeka kubweza minyanga kapena anthu.

Mfuti ya nthawiyo inali gogodela, ndiye kuti mfuti yothirira kukamwa, imene wonga ndi chipolopolo zimalowera kutsogolo kwa mpope n'kutsinderedwa ndi kandodo kachitsulo. Zambiri zinali zakale zotayidwa ndi magulu a nkhondo a ku Ulaya, kapena zotsika mtengo zopangidwira malonda a ku Africa m'mizinda monga Birmingham ndi Liège. Zina zinkayatsa wonga ndi mwala wothetheka moto, pamene zina zinkagwiritsa ntchito fataki, kachipewa kakang'ono ka mkuwa kokhala ndi mankhwala oyaka akamenyedwa. Popeza mfuti yotere inalibe chipolopolo chokonzeratu, kuwombera kulikonse kunkayamba ndi chiweruzo cha mwini wake: ankatsanulira wonga m'chikhatho kapena m'kamuyezo kuchokera m'nyanga yosungiramo, ankatsindira kansanza kapena luzi pamwamba pake, kenako n'kulowetsa chipolopolo. Mtovu ukasowa, osula zitsulo ankadula ndi kusula tizidutswa ta chitsulo, ndipo tizidutswa timeneti tinkakanda mkati mwa mpope ndi kufupikitsa moyo wa mfuti.

Mlenje wodziwa ntchito yake ankadziwika ndi kudziletsa pothira wonga, ndipo zifukwa zake zinali zitatu. Choyamba, wonga unkachokera kutali, unali wodula, ndipo ochita malonda ankatha kuusakaniza ndi zinthu zina kuti uchuluke, kotero kuti mlenje ankayenera kuuona maonekedwe ndi kuuyesa pang'ono pamoto asanaukhulupirire. Chachiwiri, wonga wakuda, womwe umapangidwa kuchokera ku makala, sulufule ndi mchere wina woyatsa moto, umakoka chinyezi, ndipo pagombe la Nkhotakota, pomwe mvula imagwa yambiri kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, wonga wosasungidwa bwino unkaundana n'kukana kuyaka. Chachitatu, mpope wa gogodela yotsika mtengo unkadyeka ndi dzimbiri lobwera chifukwa cha mwaye wa wonga, ndipo munthu wothira mopyola muyezo pofuna kugwetsa njovu ndi chipolopolo chimodzi ankatha kuphulitsa mpopewo n'kutaya zala kapena maso. Chifukwa cha zimenezi, alenje a njovu ankadalira kunyang'ama mpaka kufika pafupi kwambiri ndi nyama ndiponso kuwombera ali gulu, m'malo modalira mphamvu ya mfuti imodzi.

Pamene zimenezi zinkachitika kunyanja, ku Ulaya mfuti inali kusintha. Mu 1866 asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mfuti ya Snider, yothirira kumbuyo, ndipo mu 1871 anasankha ya Martini-Henry. Mfuti zimenezi zinkalandira chipolopolo chathunthu, momwe wonga, fataki ndi mtovu zinali zitamangidwa kale m'khoko limodzi. Khokolo linkapangidwa ndi mkuwa wachikasu, womwe ndi msanganizo wa kopa ndi zinki, kawirikawiri magawo 70 a kopa ndi magawo 30 a zinki, ndipo unasankhidwa chifukwa umafufuma pang'ono mfuti ikalira, n'kutseka mpata kuti mpweya wotentha usabwerere kumaso kwa wowombera, kenako n'kubwerera pang'ono kuti khoko lituluke. Makoko oyamba a Martini-Henry anali a mkuwa wopyapyala wokulunga, omwe ankakakamira mfuti ikatentha, ndipo m'zaka za m'ma 1880 analowedwa m'malo ndi makoko opangidwa kuchokera ku chidutswa chimodzi cha mkuwa. Msilikali wa mfuti yotere ankawombera kangapo pa nthawi imene wa gogodela ankathira kamodzi, ankatha kuthira ali chigonere pansi, ndipo mvula sinkamulepheretsa.

Kusiyana kumeneku kunafika pa nyanja ya Malawi pamodzi ndi ndale. Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anapangana pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, ndipo mu 1891 dzikoli linakhala pansi pa chitetezo cha Britain. Chaka cha 1890 maiko a ku Ulaya anagwirizana ku Brussels zoletsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo zake m'chigawo chachikulu cha Africa, ngakhale kuti analola gogodela zakale ndi wonga wamba kugulitsidwabe moyang'aniridwa. Zotsatira zake zinali zakuti amwenye achisikh ndi asilikali achikuda a boma anali ndi mfuti zothirira kumbuyo ndi zipolopolo zobwera mosalekeza, pamene mafumu ndi amalonda ambiri anatsala ndi gogodela. Mu 1893 asilikali a Johnston anagonjetsa Chiwaula, nduna imene inaukira Jumbe pafupi ndi Nkhotakota. Tawakali Sudi atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake anachotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Zanzibar, ndipo kumapeto kwa 1895 Mlozi wa ku Karonga ndi Mwase wa ku Kasungu anagonja. Amene anali ndi mfuti zamakono zochepa kunja kwa boma anapeza kuti mfuti yothirira kumbuyo imasanduka chibonga zipolopolo zikatha, pamene gogodela inkatha kudyetsedwa wonga ndi chitsulo chilichonse chopezeka pamudzi.

Njira imodzi yokha yopulumutsira mfuti yamakono kutali ndi fakitale inali kuthiranso makoko ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo alenje ndi anthu okhala kutali ndi masitolo m'madera ambiri a dziko lapansi ankachita zimenezi pogwiritsa ntchito zipangizo zazing'ono za m'manja. Pamenepa panabadwa luso latsopano loweruza mkuwa, lofanana ndi la mayi wogula mbiya amene amayamba waizunguza ndi kuigogoda kuti apeze mng'alu asanapereke ndalama. Mkuwa umauma ndi kukhala wophwanyika ukapindidwa mobwerezabwereza, choncho khoko lililonse lili ndi malire a moyo wake. Odziwa ntchitoyi amayang'ana khosi la khoko, pomwe ming'alu imayambira. Amayang'ana mkombero wowala pafupi ndi tsinde, womwe umasonyeza kuti khoma lapyapyala mkati ndipo khoko likhoza kuduka pawiri. Amayesa kabowo ka fataki, komwe kakakula kamasonyeza kuti khokolo linalandirapo mphamvu yopyola muyezo. Ndipo amayeza utali wake, chifukwa khoko limatalika pang'ono nthawi iliyonse likawomberedwa. Madontho obiriwira kapena ofiirira amasonyeza kuti mkuwa wayamba kudyeka, ndipo khoko lotere limatayidwa.

Nyengo ya malo otentha ndi achinyezi inaphunzitsa akatswiri zambiri pa nkhaniyi. Ku India, asilikali a Britain anaona kuti makoko a zipolopolo zosungidwa m'makola a akavalo ankang'aluka okha m'nyengo ya mvula, ndipo mu 1921 ofufuza anafotokoza kuti mpweya wa amoniya wochokera mu mkodzo wa akavalo ndi umene unkadya mkuwa wouma, makamaka pakhosi pomwe unapanidwa mwamphamvu. Mankhwala ake anali kuotcha khosi la khoko pamoto woyezedwa bwino kuti mkuwa ufewe. Mtundu wa fataki nawonso unali ndi gawo lake: fataki ya Edward Boxer wa ku Britain imakhala pa khoko la bowo limodzi lapakati ndipo imachotsedwa mosavuta, pamene ya Hiram Berdan wa ku America imakhala pa khoko la timabowo tapambali ndipo imavuta kuchotsa. Zipolopolo zambiri za usilikali za .303, mtundu umene Britain inayamba kugwiritsa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 ndipo umene asilikali a King's African Rifles ananyamula pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, zinali ndi fataki ya Berdan, ndipo mfuti ya Lee-Enfield imadziwika kuti imatalikitsa makoko msanga.

M'maiko momwe kuwombera chandamale kunasanduka masewera, monga ku Britain, komwe mipikisano ya dziko lonse inayamba ku Wimbledon mu 1860 n'kusamukira ku Bisley mu 1890, othiranso makoko anafika pa mfundo yomwe alenje a gogodela ankaidziwa kale, yakuti wonga wambiri sindiwo ulasa. Pepala la chandamale silifuna mphamvu yogwetsera njati. Chofunika ndi chakuti chipolopolo chilichonse chituluke mofanana ndi chinzake. Muyezo wofatsa umachepetsa kukankha kwa mfuti paphewa, umathandiza wowombera kuti asamanjenjemere pokoka, umachedwetsa kutha kwa mpope ndiponso umatalikitsa moyo wa makoko. Komabe wonga wopanda utsi, umene Paul Vieille wa ku France anapanga mu 1884, ndi wamphamvu kwambiri ndipo sungayezedwe ndi chikhatho, ndipo ngakhale kuuchepetsa mopyola kumakhala ndi ngozi zake, kotero kuti othira amakono amagwiritsa ntchito sikelo ndi kutsatira miyezo yofalitsidwa ndi opanga wongawo.

Ku Nyasaland, monga Malawi ankatchedwera m'nthawi ya atsamunda, masewera amenewa anakhala a anthu ochepa. Gulu la Nyasaland Volunteer Reserve, lomwe linakhazikitsidwa mu 1901, linkapereka mfuti ndi zipolopolo zophunzirira kwa mamembala ake, omwe makamaka anali azungu, pamene munthu wakuda ankaphunzira kuwombera chandamale akalowa usilikali kapena upolisi. Kukula kwa mpata umenewu kunaonekera mu Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe anapita kukathyola nkhokwe ya zida ya kampani ya Mandala ku Blantyre, koma anatengako mfuti zochepa chabe. Malamulo a zilolezo anapitirira ufulu utabwera, ndipo pansi pa lamulo la mfuti la 1967, munthu saloledwa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo cha apolisi.

Chimene chinatsala m'midzi ya kuseri kwa gombe ndi gogodela, yomwe osula ena anapitiriza kupanga mobisa kuchokera ku mipope wamba, yosayesedwa ngati ingapirire mphamvu ya wonga. Mfuti zotere, pamodzi ndi misampha ya mawaya, zinathandizira kuchepetsa nyama m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800 ndipo mtsinje wa Bua umadutsamo. Njovu zomwe kale zinkapitirira 1,500 zinatsala zosakwana 100 pofika mu 2015, chaka chimene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mogwirizana ndi boma. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo lamulo losamalira nyama zakutchire, lomwe linakonzedwanso mu 2017, likulola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu.

Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti mphamvu pagombe la Nkhotakota inkatsata amene ankalamulira wonga ndi zipolopolo koposa amene ankagwira mfuti. Jumbe anakula chifukwa timigolo ta wonga tinkadzera padooko lake, ndipo ufumu wake unatha pamene khoko la mkuwa linaika muyezo wa wonga m'manja mwa fakitale ndi boma. Luso la alenje akale loyeza wonga ndi kuweruza chitsulo linali lenileni, koma linatumikira malonda amene anawononga anthu ndi njovu zomwe, ndipo lero malo ake oyenera ndi m'mabuku a mbiri ndi m'nyumba zosungiramo zinthu zakale.