Stone Town: Mzinda wa Miyala Wosunga Mbiri ya Anthu a Kunyanja

Ambiri opita ku Zanzibar amathamangira kumchenga woyera wa ku Nungwi ndi ku Paje, ndipo mzinda wakale wa Stone Town amangoudutsa. Mmalawi asachite zimenezo. Kuchokera ku Dar es Salaam ndi ulendo wa maola awiri okha pa boti, ndipo pamene munthu amatsikira ndi pakhomo pa mzinda womwe mbiri yake inalukana ndi ya Nkhotakota, Magomero ndi Likoma.

Eni ake amautchula kuti Mji Mkongwe. Poyamba unali mudzi wa asodzi pamalo otchedwa Shangani. Apwitikizi anakhalapo kwa zaka pafupifupi mazana awiri, mpaka Aluya a ku Oman anawapirikitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 n'kumanga linga lomwe lilipobe, Ngome Kongwe. Koma mzindawu unakula kwenikweni pamene Seyyid Said anasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kupita ku Zanzibar cha m'ma 1840. Iyeyu analimbikitsa ulimi wa karafuu, mbewu yonunkhiritsa zakudya, nakopanso amalonda a ku India. Nyumba zosanja zinayamba kumera, zomangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi njereza, zothinana kwambiri moti tinjira tambiri galimoto silingalowemo. Zitseko zake n'zamatabwa olemera, zogobedwa maluwa ndi mawu a Chiarabu, zina zokhomeredwa misomali ikuluikulu ya mkuwa. N'zokongola zedi, ndipo munthu atha kutha tsiku lonse akungoziyang'ana.

Funso ndi lakuti chuma chomangira zonsezi chinkachokera kuti. Minda ya karafuu inkafuna manja ambiri, misika ya ku India, ku Ulaya ndi ku America inkafuna minyanga ya njovu, ndipo zonse ziwiri, anthu ndi minyanga, zinkachokera kumtunda. M'zaka zomwezo Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba. Anthu ogwidwa m'midzi ya Achewa ndi ya mitundu ina ankawolotsedwa nyanja pa zombo, kenaka n'kuyenda wapansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa, magoli ali m'khosi. Ambiri ankafera m'njira. Opulumuka ankakwezedwanso zombo za matanga kupita kumsika wa ku Zanzibar, komwe ankadziwika ndi dzina loti Wanyasa. Zidzukulu zawo zilipo pachilumbachi, zikuyankhula Chiswahili.

Malo oyenera kufikako choyamba ndi ku Mkunazini. Apa ndi pomwe panali msika wa akapolo, womwe Sultan Barghash anautseka mu 1873 ataumirizidwa ndi boma la Britain kudzera mwa John Kirk, yemwe uja anayenda ndi David Livingstone mumtsinje wa Shire. Chaka chomwecho amishoni a UMCA anayamba kumanga tchalitchi cha Christ Church pamalo enieniwo. Amishoniwa si alendo kwa ife. Anayambira ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, koma malungo, njala ndi nkhondo zinawagonjetsa, ndipo mu 1864 anasamukira ku Zanzibar. Edward Steere, yemwe anatsogolera ntchito yomanga tchalitchichi, anaikidwa m'manda kuseri kwa guwa mu 1882. Mkatimo mulinso mtanda wawung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, womwe patsinde pake anakwirirapo mtima wa Livingstone. Panja pali ziboliboli zisanu zoimirira m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Sipafunika wolongosola.

Njira yomwe inatenga anthu athu inadzabwezanso ena. Kuchokera ku Zanzibar amishoni anabwerera kunyanja n'kukhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo anyamata a kuno ankatumizidwa kukaphunzira ku sukulu ya Kiungani, kunja pang'ono kwa mzindawu. Mmodzi mwa iwo anali Leonard Kamungu wa ku Chia, yemwe anadzakhala wansembe n'kukamwalirira ku Msoro m'dziko la Zambia mu 1913.

Ku Stone Town, m'mbali mwa nyanja muli Beit al-Ajaib, Nyumba ya Zodabwitsa, yomwe Barghash anamanga mu 1883 ndipo inali yoyamba pachilumbachi kukhala ndi magetsi. Pafupi pomwepa, pa 27 Ogasiti 1896, zombo za Britain zinawomba nyumba yachifumu pa nkhondo yomwe sinathe n'komwe ola limodzi. Ufumu wa masultani unagwa pa kuukira kwa Januwale 1964, komwe kunaphetsa anthu ambiri, ndipo mu Epulo chaka chomwecho Zanzibar inaphatikana ndi Tanganyika kupanga Tanzania.

Bungwe la UNESCO linaika Stone Town pamndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2000, komabe chinyontho cha mchere chikudya makoma, ndipo mu Disembala 2020 mbali ina ya Beit al-Ajaib inagwa. Nyumba zambiri zasanduka mahotela, koma mzindawu ukadali wa anthu okhalamo: akuluakulu amamwa khofi pamakonde, ana amabwerera ku madrasa, ndipo madzulo ku Forodhani kumadzaza utsi wa nsomba zowotcha. Ndi mzinda wa Asilamu, choncho mlendo avale modzilemekeza, makamaka m'mwezi wa Ramadhani.