Mbiri ya Asodzi a Mitundu Iwiri pa Kafue

Alipo ena ku Parklands, mumzinda wa Kitwe, amene amanena molimba mtima kuti dziko la migodi silinakhalepo la asodzi, popeza nsomba zodzaza msika wa Chisokone zimachokera ku Luapula, Mweru ndi Kariba. Koma onena zimenezi aiwala Alamba, eni nthaka, amene ankatchera miono mu mtsinje wa Kafue mgodi wa Nkana usanayambe kutulutsa mkuwa mu 1932.

Azungu pobwera anadza ndi mayina awiri a munthu wopha nsomba. Wowedza ndi mbedza pongofuna kupumula ankamutcha angler, dzina lochokera ku liwu lakale lotanthauza mbedza, limene buku la Izaak Walton la mu 1653 linalitchukitsa. Pamene woponya khoka kuti ana asagone ndi njala, monga Simoni Petro ndi mbale wake Andreya, ndiye fisherman. Woyambayo ankacheza ku damu la Mindolo pa Loweruka. Wachiwiriyo ndi amene chiletso cha chaka ndi chaka chimamugwera, kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, kuti nsomba ziswane.

Tsono pa 18 February 2025, asodzi aumphawi ali chipachikire maukonde awo pomvera lamulolo, khoma la dziwe losungiramo zinyalala za mgodi wina kufupi ndi Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi okwana malita pafupifupi 50 miliyoni, malinga ndi chiwerengero choyamba, anatsikira mu mtsinje wa Mwambashi mpaka kulowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zitafa pa mtunda woposa makilomita 100, chimanga cha m'mbali mwa mtsinje chinapserera, mipopi ya mu Kitwe inatsekedwa, ndipo ngakhale ndege zinamwaza laimu pamadzipo, akuluakulu ananena kale kuti madzi akatayika saoleka.

Kwa ine, cholakwa sichinayambe tsiku limenelo ayi, pakuti mu 2006 mtsinje womwewu unaipitsidwanso cha ku Chingola. Chinayamba pamene mbadwo ndi mbadwo unazolowera kuyesa mkuwa chuma ndi kuyesa mtsinje ngalande, nuumiriza mwini bwato kusunga lamulo kwa miyezi itatu, pamene maiwe a poizoni akhala m'mphepete mwa madzi athu chaka chonse. Inu a ku Parklands amene mumamwa Kafue yemweyu, funsani kuti maiwe otsalawo akuyang'aniridwa motani mvula ina isanagwe.