Nambala ya Mulungu ndi nkhomo za ku Tengani

Kabokosi ka Rubik ndinakabwereka kwa mnzanga wa m'chipinda chimodzi, ndipo patchuthi ndinapita nako kwathu ku Tengani. Amalume anakatembenuzatembenuza pansi pa mtengo wa nimu pomwe amasewerera bawo, kenako n'kundifunsa kuti: "Iwe, munthu wodziwadi angakapotokole kangati kuti kabwerere m'malo?" Ndinangoti kakasi. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti funso lomweli linavutitsa akatswiri a masamu zaka pafupifupi 30.

Ernő Rubik anapanga kabokosika ku Budapest mu 1974. Kali ndi mbali zisanu ndi imodzi, iliyonse ya mtundu wake, koma ukakasokoneza kangakhale m'maonekedwe osiyanasiyana okwana 43,252,003,274,489,856,000. Mu 1981 Morwen Thistlethwaite anaonetsa kuti ngakhale kasokonezeke chotani, kupotokola ka 52 n'kokwanira. Mu 1995 Michael Reid anatsitsa chiwerengerocho kufika pa 29, ndipo anapezanso kasokonezedwe kamodzi komwe sikangakonzeke osakwanitsa ka 20. Choncho yankho linali penapake pakati pa 20 ndi 29. Analitcha nambala ya Mulungu, poti ndi kapotokoledwe ka yemwe amaona njira zonse nthawi imodzi.

Nkhani inatha mu July 2010, pomwe Tomas Rokicki, Herbert Kociemba, Morley Davidson ndi John Dethridge analengeza kuti nambalayo ndi 20. Chomwe chimandisangalatsa ndi ukathyali wawo. Anagawa maonekedwe onse aja m'magulu oposa 2 biliyoni, n'kuchotsa magulu omwe ndi ofanana ukangotembenuza kabokosiko, komanso ena omwe maonekedwe ake ankapezeka kale m'magulu otsalawo, kutsala 55,882,296. Ndiye sanavutike kufuna njira yachidule kwambiri ya kasokonezedwe kalikonse. Akangopeza njira yosapitirira 20, basi, ankapita kwina. Makompyuta a Google ndi omwe anagwira ntchitoyo, yomwe kompyuta imodzi ikanaigwira zaka 35. Umboniwo umangoti njira ilipo. Sukukuuza iwe wagwira kabokosi m'manja kuti uyambe kupotokola kuti.

Nditawafotokozera amalume, anaseka n'kubwerera ku bawo lawo, ndipo apa m'pamene ndinachita manyazi. Bawo lili ndi mabowo 32 ndi nkhomo 64. Nkhomo yomaliza ikagwera m'bowo momwe muli zina, ulendo suthera pomwepo: umatola n'kupitiriza kuyala, kapena umadya za mnzako. Munthu asanagwire nkhomo amakhala atayendetsa kale ulendo wonsewo m'mutu, kuzungulira kangapo, uku akuyankha moni wa odutsa pamsewu wa ku Nsanje. Ngati amenewa si masamu, nanga ndi chiyani? Koma ife ophunzira timati ndi za madala osowa chochita.

Akunja anaona kale. Alexander de Voogt anakhala ndi akatswiri a bawo a ku Zanzibar, ndipo mu 1995 anatulutsa kafukufuku wa momwe amawerengera m'mutu. Mu 2002 John Romein ndi Henri Bal a ku Amsterdam anawerenga mpaka kumapeto masewera a awari, mbale wake wa bawo wa kumadzulo kwa Africa, wa mabowo 12 ndi nkhomo 48, napeza kuti onse awiri akasewera mosalakwitsa palibe wopambana. Bawo lathu, lomwe ndi lovuta kuposa pamenepo, silinawerengedwe chotere.

Kabokosi kanapita patsogolo chifukwa anthu anagwirizana msanga njira yolembera kupotokola kulikonse ndi chilembo, moti wa ku London ankatha kutsutsa wa ku America. Nzeru za amalume zili m'zala zawo zokha. Sabata yomaliza ya tchuthi ndinatenga kope kuti ndizilemba masewera awo bowo ndi bowo. Ndili pa ulendo wachitatu, iwo anali atadya kale mzere wonse wakutsogolo wa mnzawo, akufunsa kuti wotsatira ndani.