Nkhotakota: Adhana ndi Belu pa Gombe Limodzi

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tikamafuturu ndi mpunga wa kuno tizikumbukira njira imene unadzera. M'zaka za m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika pa gombe lino kuchokera ku Zanzibar. Anthu ake anabweretsa Chisilamu, Chiswahili ndi ulimi wa mpunga. Koma zombo zawo zinkawolotsanso akapolo kutsidya, kumene ankayenda wapansi mpaka ku Kilwa. Zimenezi sitiwabisira ana athu ku madrasa.

Kenako kunafika Azungu. Mu 1863 David Livingstone anakumana ndi Jumbe pansi pa mkuyu umene ulipobe. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjamu mu 1895, anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints konkuno. Lero adhana ndi belu zimamveka m'tauni imodzi.

Ramadan ino, popempha chikhululuko kwa Allah, tisaiwale aja anawoloka osabwerako.